Bwalo la Ndege la Cluj: Kukula Kochokera pa Kusamuka kwa Anthu

Kumpoto chakumadzulo kwa dziko la Romania, m'chigawo cha mapiri chotchedwa Transylvania, kuli mzinda wa Cluj-Napoca. Pa mtunda wa makilomita 9 kum'maŵa kwa mzindawu, pamalo otchedwa Someșeni, pali bwalo la ndege limene lili lachiŵiri m'dzikomo pa kuchuluka kwa apaulendo, kutsatira la ku likulu, Bucharest. M'chaka cha 2010 apaulendo ake anafika pa miliyoni imodzi, ndipo m'chaka cha 2023 anapitirira mamiliyoni atatu. Tsono funso loyenera kulisinkhasinkha ndi lakuti: kodi anthu onsewo ndani, ndipo akupita kuti?

Bwaloli linakhazikitsidwa m'chaka cha 1932, ndipo chaka chotsatira ndege zinayamba kunyamula anthu kupita ku Bucharest ndi ku Prague. Koma nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse inadodometsa zonse. M'chaka cha 1940 chigawo cha kumpoto kwa Transylvania chinaperekedwa ku dziko la Hungary, bwalo linasanduka la asilikali, ndipo pofika 1944 linali litaphwasulidwa. Boma la chikomyunizimu linalimanganso, koma linangolola maulendo a m'dziko momwemo, pakuti masiku amenewo munthu wamba sankapeza chiphaso chotulukira kunja mwachisawawa. Ngakhale ulamuliro wa Nicolae Ceaușescu unagwa mu December 1989, panapita zaka zina kufikira 1996 pamene ndege zochokera kunja zinaloledwanso kutera pa Cluj.

Chimene chinasinthiratu zinthu ndi kutseguka kwa malire. Kuyambira 2002 nzika za Romania zinaloledwa kuloŵa m'maiko ambiri a kumadzulo kwa Ulaya popanda chitupa cha viza, ndipo mu 2007 dzikoli linaloŵa m'bungwe la European Union. Anthu miyandamiyanda anapita kukagwira ntchito za zomangamanga, za m'minda ndi zosamalira okalamba ku Italy, Spain, Germany ndi Britain. Kalembera wa 1992 anapeza anthu pafupifupi 23 miliyoni m'dzikomo, koma wa 2021 anapeza 19 miliyoni okha, ndipo kusamuka ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu za kuchepaku. Anthu osamukawa sanaiŵale kwawo: amabwera pa Khirisimasi, pa Pasaka, pa maukwati ndi pa maliro. Kale ankakhala m'basi usana ndi usiku; lero amauluka maola aŵiri kapena atatu.

Amene anaona msanga phindu la maulendo otere ndi makampani a ndege zotsika mtengo, makamaka Wizz Air ya ku Hungary, imene inasandutsa Cluj kukhala amodzi mwa malo ogonekako ndege zake. Kachitidwe kawo nkosavuta kumvetsa. Amagula ndege za mtundu umodzi kuti kukonza kusakwere mtengo, salola ndege kukhalitsa pansi, amalipiritsa katundu ndi chakudya padera, ndipo amakonda kutera pa mabwalo aang'ono monga Luton pafupi ndi London kapena Bergamo pafupi ndi Milan. Mwini wake wa bwalo la Cluj ndi khonsolo ya boma la Cluj, ndipo ndalama zoyendetsera bwalo zimachokera pa msonkho wa ndege iliyonse yotera, wa wapaulendo aliyense, ndiponso pa masitolo ndi malo oimikapo magalimoto. Apaulendo atachuluka, nyumba zatsopano zofikiramo ndi zonyamukiramo zinatsegulidwa mu 2008 ndi 2009. Mu 2013 msewu watsopano wothamangapo ndege unatsegulidwa, ndipo bwalo linapatsidwa dzina la Avram Iancu, mtsogoleri wa anthu a ku Transylvania pa kuwukira kwa 1848.

Komabe akuluakulu anati walira mvula walira matope. Bwalo lodalira kwambiri kampani imodzi limakhala ngati mlimi wa wogula mmodzi: likakweza msonkho, kampaniyo ingathe kusamutsa ndege zake kupita ku mzinda wina m'miyezi yoŵerengeka, pakuti ndege ilibe maziko ngati nyumba. Anthu a ku Cluj akudziŵa kale mmene zotere zimapwetekera. Kampani ya Nokia inatsegula fakitale ya mafoni pa Jucu, pafupi ndi mzindawu, mu 2008, koma pofika 2011 inaitseka. Nayo kampani ya ndege ya Blue Air, imene inkanyamula anthu pa bwaloli, inaimitsa maulendo ake mu September 2022. Mliri wa Covid-19 wa 2020 unatsitsanso chiŵerengero cha apaulendo kufika pochepera miliyoni imodzi.

Vuto lina ndi la malo. Msewu wa 2013 ndi wa mamita oposa pang'ono 2,000, amene ndi ochepa kwa ndege zikuluzikulu zowoloka nyanja zitasenza katundu wodzaza. Mapulani outalikitsa kupitirira mamita 3,000 anakumana ndi mtsinje wa Someșul Mic, umene umadutsa m'mphepete mwa bwalo, ndipo kupatutsa mtsinje ndi ntchito yofuna ndalama zambiri.

Chiyembekezo chenicheni cha bwaloli chili pa anthu obwera ku Cluj chifukwa cha Cluj yemweyo. Mzindawu uli ndi Yunivesite ya Babeș-Bolyai, makampani ambiri a zamakompyuta, ndi chikondwerero cha nyimbo cha Untold chimene chinayamba mu 2015. Kuyambira pa 31 March 2024, apaulendo a pandege pakati pa Romania ndi maiko a mgwirizano wa Schengen saonetsanso ziphaso kwa apolisi a pamalire. Koma ana obadwira ku Italy ndi ku Spain sadzabwera kaŵirikaŵiri monga amachitira makolo awo. Ngati mzinda sudzakhala ndi ntchito zokopa alendo ndi zosunga achinyamata ake, chiŵerengero cha mamiliyoni atatu chidzavuta kuchisunga pamene m'badwo wosamukawo udzakalamba.