Maola awiri a ndege sayambira pa Zobue

Anthu akamakamba za ulendo wa ku Maputo amakonda kunena kuti masiku ano ndi pafupi. Kunena zoona, kuchokera pa bwalo la ndege la Chingozi ku Tete kukafika pa bwalo la Mavalane ku Maputo pali makilomita pafupifupi 1,100 mumlengalenga, ndipo ndege imadula mtunda umenewu m'maola osakwana awiri. Pa msewu, kudzera ku Changara, Inchope, mtsinje wa Save ndi Xai-Xai, mtundawo umapitirira makilomita 1,500, ndipo wokwera basi amagona m'njira.

Koma kodi maola awiriwo ndi a yani? Ndi a munthu amene ali kale pa Chingozi. Wa ku Zobue ayambe waima pa msewu kudikira chapa idzaze, kenaka atsike makilomita oposa 100 kudzera ku Moatize. Chigawo chimenechi ndi limodzi mwa magawo khumi a mtunda wa ndege uja, komabe chimadya maola awiri kapena atatu. Tikaonjeza nthawi yodikira pa bwalo, tiona kuti ulendo "waufupi" watha tsiku, ndipo maola ambiri athera pansi.

Chifukwa chake tonse tikuchidziwa. Msewu wa EN7 ndiwo umanyamula magalimoto olemera ochokera ku doko la Beira ndi ku Zimbabwe kupita ku Malawi. Phula limakumbika, makamaka m'dzinja, ndipo magalimoto ang'onoang'ono amakwawa pambuyo pa zimphonazo pokwera mapiri.

Ena adzati ndege ndi ya olemera, mlimi wa chimanga ndi mbatata alibe nayo ntchito. Inde, tikiti ndi yokwera mtengo. Koma chakudza sichiimba ng'oma. Wodwala amene amutumiza ku chipatala chachikulu cha Maputo, kapena banja limene lamva uthenga wa maliro, amagulitsa mbuzi kuti apeze mpando. Otere akaphonya ndege chifukwa cha maenje amataya ndalama ndi nthawi imene sidzabwerera. Ndiponso msewu womwewo ndi umene ambulasi imadutsa popita ku chipatala cha ku Tete.

Nthawi ya nkhondo, magalimoto ankayenda pa msewu uno moperekezedwa ndi asilikali, mpaka mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Kuyambira pamenepo taona migodi ya malasha ikukula ku Moatize, ndi mlatho wa Kassuende ukutsegulidwa m'chaka cha 2014. Chigawo chotere sichingalephere kusamala makilomita 100 a phula.

Tsono tikupempha akuluakulu a misewu ndi a boma la Moatize kuti akonze EN7 mvula isanagwe, ndipo aonetsetse kuti magalimoto onyamula katundu wopyola muyezo akuimitsidwa. Akatero, afupikitsa ulendo wa ku Maputo popanda kugula ndege ina.