Njanji ya ubale inyamulenso katundu wa mlimi

Mvula itakana mu 2024, minda inauma ndipo boma linalengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Nkhokwe zitapepuka, boma linapangana ndi anansi athu a ku Tanzania zogula cimanga. Ife sitinadabwe, pakuti khomo limenelo tinayamba kugogodapo kale.

Akuluakulu akumbukira 1965, pamene Ian Smith wa ku Rhodesia anapandukira Britain. Dziko lathu lilibe doko, ndipo njira za kumwera zimene tinali kudalira zinakhala za adani. Mafuta anasowa. Madalaivala anayamba kututa migolo ya petulo kucokera ku Dar es Salaam pa msewu wamatope umene anaucha Hell Run, ena nafera m'njira. A Kenneth Kaunda ndi a Julius Nyerere sanathere pa kugwirana canza. Mu 1968 paipi ya TAZAMA inayamba kufikitsa mafuta ku Ndola. Maiko a azungu atakana kuthandiza pa njanji, China inapereka ngongole yopanda ciwongoladzanja, ndipo mu 1975 njanji ya TAZARA ya makilomita 1,860 inalumikiza Dar es Salaam ndi Kapiri Mposhi.

Koma tinene zoona. M'zaka zotsatira njanjiyo tinailekerera. Mainjini anakalamba, anchito anakhala miyezi osalandira malipiro, katundu nasamukira ku malole. Lole ikagona masiku pa mzere ku Nakonde, ndalama yake imabwera pa thumba la feteleza, ndipo wolipira ndi mlimi. Feteleza wofika cimanga citamasula ngayaye athandiza ndani?

Mu September 2024, ku Beijing, Zambia, Tanzania ndi China anasainirana cikalata cokonzanso njanjiyi. Tikuyamikira. Nkhawa yathu ndi yakuti maso a amalonda akuluakulu ali pa mkuwa, ndipo sitima ingamadutse Serenje, Mpika ndi Kasama osaima, mlimi wa nyemba ali cilili ndi matumba ake pa siteshoni.

Conco makopaletivu ndi makomiti a cilungamo ndi mtendere m'maparishi afunse aphungu awo poyera. Kodi padzakhala mabogi a feteleza ndi zokolola? Mtengo wa thumba limodzi udzakhala wotani? Nanga masiteshoni ang'onoang'ono adzagwira nchito? Mayankho abwere olembedwa, kuti tidzawawerenge pa zilengezo za pa Sabata.