Usiku womwe Jack Morris anakana kutuluka m'bwalo

Ambiri okonda masewera amati mpikisano wosowa zigoli ndi wogwetsa ulesi. Ine sindivomereza, ndipo mboni yanga ndi masewera a baseball omwe anachitika pa 27 Okutobala 1991 m'bwalo la Metrodome, mumzinda wa Minneapolis ku America.

Anali masewera achisanu ndi chiwiri, ndime yotsiriza ya World Series. Minnesota Twins ndi Atlanta Braves anali atapambana katatu aliyense, choncho wogonja usiku umenewo analibenso mawa. Mu baseball, woponya mpira amaima pakachulu, mamita 18 kuchokera kwa womenya, ndipo ntchito yake ndi kumuphonyetsa kapena kumumenyetsa mpira wosapita patali. Pointi imabwera wosewera akazungulira malo onse anayi n'kufika pomwe anayambira.

Twins inadalira Jack Morris, wa zaka 36, mwana wa ku St. Paul, tsidya lina chabe la mtsinje wa Mississippi. Braves inatumiza John Smoltz, wa zaka 24, yemwe ali mnyamata ku Michigan ankasilira Morris yemweyo akuponyera Detroit Tigers. Zigawo zisanu ndi ziwiri zinatha popanda wopeza pointi.

Chigawo chachisanu ndi chitatu n'chomwe chimandiimitsa mtima mpaka lero. Lonnie Smith wa Braves anali pamalo oyamba pamene Terry Pendleton anamenya mpira wautali. Smith akanathamanga osacheuka, mwina akanagoletsa. Koma Chuck Knoblauch ndi Greg Gagne a Twins ananamizira kuti mpira uli m'manja mwawo, Smith anazengereza atadutsa malo achiwiri, n'kuthera pachitatu. Apa Morris anali pamoto: adani awiri pafupi ndi kugoletsa, wotulutsidwa palibe. Anatulutsa Ron Gant, analola dala David Justice kupita pamalo oyamba, kenako Sid Bream anamenya mpira wapansi womwe unatulutsitsa anthu awiri nthawi imodzi. Braves inabwerera chimanjamanja.

Zigawo zisanu ndi zinayi zitakwana, mphunzitsi wa Twins Tom Kelly anafuna kupumitsa Morris. Morris anakana. Anabwereranso pakachulu paja m'chigawo chakhumi n'kutulutsa omenya atatu motsatizana. Usiku wonse anaponya mipira 126. Kenako Gene Larkin wa Twins, yemwe analowa kuchokera pabenchi, anamenya mpira wodutsa pamwamba pa otchinga, mnzake Dan Gladden n'kufika pomwe anayambira. Zinathera 1-0.

Pointi imodzi yokhayo, koma mpira uliwonse woponyedwa unali ndi mphamvu yopereka kapena kulanda chikho. Zigoli zikachuluka, kulakwitsa kumakhululukidwa. Zikasowa, kuzengereza kwa kamphindi ngati kwa Smith kumakumbukiridwa zaka zoposa 30.

Chondidandaulitsa n'choti masiku ano woponya akayandikira mipira 100 amachotsedwa, ngakhale zikumuyendera. Aphunzitsi amati akuteteza mkono, komanso kuti womenya akakumana ndi woponya kachitatu amakhala atamuzolowera. Zifukwazi n'zomveka, chigongono cha munthu si chitsulo. Komabe pa ndime yomaliza ya chaka, pomwe kutsogolo kuli miyezi yopuma, woponya yemwe adani akulephera kumugwira ayenera kusiyidwa amalize yekha. Kelly anachita bwino kumvera Morris, ndipo aphunzitsi a lero atengerepo phunziro.