NDEMANGA: Wofuna kumvetsera lamya ya munthu ayambe wapita kwa woweruza

Abale athu a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde, masiku ano mitengo ya mbatata, ndalama zochokera kwa mwana ali ku Joni ndi uthenga wa maliro, zonsezi zimadzera pa lamya ndi intaneti. Tsono nkofunika kudziwa amene amaloledwa kumvetsera zolankhula zathu.

Malamulo aakulu a dziko lathu, pa ndime 68, amateteza nyumba ya munthu, makalata ake ndi zolankhula zake zamseri, kupatula pamene lamulo lalola. Lamulo la za malamya la 2016 limafunanso kuti makampani akhale ndi njira yomvetsera pofufuza milandu, koma woweruza akalamula.

Tmcel, Vodacom ndi Movitel angathe kusenza mtolo umenewu. Kwa kampani yaing'ono yogulitsa intaneti, makinawo ndi odula. Ku America lamulo lotere, lotchedwa CALEA, lidakhazikitsidwa mu 1994, ndipo ogulitsa intaneti adayenera kulitsata pofika 2007. Njira zidalipo zitatu: kudzipangira okha, kugula makina, kapena kulipira kampani ina yodalirika kuti igwire ntchitoyo. Aang'ono yachitatuyi imawapepukira, ngakhale kuti zinthu zikalakwika, woyankha ndi mwini kampani yemwe.

Ife tikuti bungwe la INCM liganizire njira yachitatuyi. Fupa lokakamiza limaswa mphika: tikawaumiriza aang'ono kugula makina okha, adzatseka, ndipo kumidzi kudzatsala mdima.

Koma khomo lotsegulira apolisi, mbala nayo imalipeza. Ku Greece, mu 2004 ndi 2005, anthu osadziwika adalowa m'makina omvetsera a kampani ina namvetsera malamya oposa 100, kuphatikizapo ya nduna yaikulu. Choncho kampani iliyonse, yaikulu kapena yaing'ono, ilembe m'kaundula chilolezo chilichonse: wasaina ndani, womvetseredwa ndani, kwa masiku angati. Mkulu wongoimba lamya, wopanda chikalata cha bwalo la milandu, akanidwe mwaulemu.

Nanu abale muli ndi mbali yanu. Musabwereke munthu B.I. yanu kuti akalembetsere nambala yake, ngakhale akhale mlamu kapena mnzanu wa tsidya la malire. Nambalayo ikapalamula, ofufuza adzatsata dzina lolembedwalo, ndipo adzagogoda pakhomo panu.