Munthu wa pa Mpando Wam'mbali



Tsiku lina titatha mapemphero kuno ku Kaumbwe, mnyamata wina anatifunsa kuti: "Akatekisiti, pa mpikisano wa magalimoto, uja amakhala pambali pa dalaivala amangokwera ulele kodi?" Anzake anaseka, koma ife tinaona kuti funsolo liyenera yankho.

Munthu ameneyo ndi navigeta, ndiye kuti wolozera njira. Mpikisano usanayambe, iye ndi dalaivala amayendera mseu pang'onopang'ono, nalemba m'buku pokhota paliponse, citunda, dzenje, mlatho, ndi mamita otsala kuti afike pokhota pena. Tsiku la mpikisano, galimoto ili pa liwiro m'fumbi, maso ake amakhala pa bukulo, akuuza mnzake zimene zili kutsogolo zisanaoneke. Akalankhula msanga, dalaivala amaiwala. Akacedwa, galimoto yagwera kale m'phompho. Ndiyenso amasunga khadi la nthawi, pakuti kufika pa malo olembetsera mocedwa, ngakhale mofulumira, kumadzetsa cilango. Tayala likaphulika m'thengo, onse awiri amatsika nagwira jeke ndi sipanala.

Ambiri tinamva za Satwant Singh, amene anakhala katswiri wa Africa yonse maulendo 8. Tinamvanso za Muna Singh, katswiri wa 2004 ndi 2005, ndi mwana wake Jassy, amene anatenga ulemu womwewo mu 2013. Koma ndi angati adziwa kuti pa zipambano zitatu za bambo ndi mwana wakeyo, pa mpando wam'mbali panali munthu mmodzi, David Sihoka? Analozera njira bambo, patapita zaka nalozeranso mwana. Cuma ca navigeta ndi cimeneco: anthu oika moyo wao pa mau ake.

Nchito imeneyi ndi ya kunena zoona pa nthawi yake, ndipo sicitika pa mpikisano pokha. Tonse timaudziwa mseu wokhotakhota wa m'mapiri pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa. Kangati takhala cete m'basi, mitima ili m'mwamba, pamene dalaivala akuthamanga mopitirira muyeso, poopa kuti atiyankha mwamwano? Cete wotereyu wadzetsa maliro ambiri.

M'mabanja mwathu ndi cimodzimodzi. Amai amaona kuti ndalama za mbeu zikuthera ku mowa, kapena kuti mwana wayamba kujomba kusukulu, koma salankhula cifukwa abambo safuna kuuzidwa. Inu abambo, kugwira ciongolero sikutanthauza kuona zonse. Ngakhale Mose anamvera mpongozi wake Yetero pamene anamcenjeza kuti adzafooka akamaweruza anthu onse yekha. Mutu umodzi susenza denga. Inunso amai, musadikire kuti ngozi icitike ndiyeno muziti munaona kale. Navigeta wonena za dzenje galimoto italowamo alibe phindu.

Mwezi uno, pa msonkhano wa Mphakati, tiyeni tifunsane: m'nyumba mwathu ndani amakhala pa mpando wam'mbali, ndipo tinamumvera liti komaliza?

Mnyamata uja tinamuyankha kuti munthu ameneyo sakwera ulele ai. Popanda iye, dalaivala sangafike kumapeto.

Mulungu adalitse mabanja anu onse.