Ndemanga: Lembo limodzi likhoza kukutayitsani ndalama

Nyengo yogulitsa mbewu ikafika, mlimi amakumana ndi mapepala ambirimbiri: malisiti, mafomu a ngongole, makontirakiti ndi makalata opita kubanki. Ambiri mwa mapepalawa amakhala m'Chingerezi. Mlembi wa kalabu akalemba "weak" pomwe amafuna "week", kapena "lone" m'malo mwa "loan", wolandira kalatayo amayamba kutiderera asanamve n'komwe pempho lathu. Nthawi zina kalata imabwezedwa, ndalama yoyendera n'kupita pachabe.

Alimi anzathu, kulakwitsa masipelo si umbuli ayi. Chichewa timachilemba monga momwe timachiyankhulira, ndipo malembo a liwu asanu aja, a, e, i, o, u, sasinthasintha katchulidwe. Chingerezi chili ndi malembo 26 oimira maliwu pafupifupi 44, choncho khutu palokha silikwanira. Mawu ena ali ndi malembo osatchulidwa, monga p mu "receipt", b mu "debt" ndi gh mu "weight". Komanso kwa ife l ndi r sasintha tanthauzo la mawu, pamene m'Chingerezi "rice" ndi mpunga koma "lice" ndi nsabwe. Ndiye chifukwa chake masipelo a Chingerezi amafunika kuwaphunzira ndi maso komanso ndi dzanja.

Njira yake si yofuna ndalama. Choyamba, gulani kope ndipo sabata iliyonse muzilembamo mawu asanu okha amene mumakumana nawo pantchito yanu. Mabuku muli nawo kale: thumba la feteleza, paketi ya mbewu, botolo la mankhwala ndi lisiti ya kumsika.

Chachiwiri, liyang'anitsitseni liwulo, litchuleni mokweza, libiseni ndi dzanja, lilembeni kuchokera m'mutu, kenaka yerekezani ndi loyamba lija. Mukalakwitsa, chongani pamene mwaphonya ndipo mubwerezenso mawa lake. Mphindi khumi tsiku lililonse zimapindula kuposa maola awiri kamodzi pamwezi.

Chachitatu, ikani pamodzi mawu apachibale. Wodziwa "eight" savutika ndi "weight", ndipo wodziwa "grade" wayandikira kale "grader" ndi "grading". Mawu omveka mofanana, monga "buy" ndi "by" kapena "bean" ndi "been", alembeni m'chiganizo kuti tanthauzo likukumbutseni kalembedwe. Liwu lalitali monga "application" liduleni m'maphatikizo.

Chachinayi, funsani. Safunsa adadya phula. Kalabu ikhoza kusonkha n'kugula dikishonale imodzi, ndipo mafoni ambiri masiku ano amathandiza kukonza masipelo. Komabe samalani, chifukwa foni sidziwa ngati mumafuna "sell" kapena "cell". Kalata iliyonse ya kalabu iziwerengedwa ndi anthu awiri isanatumizidwe, ndipo dzina la membala lizilembedwa ndendende monga lilili pachiphaso chake cha unzika.

Phindu lake silithera pa ife tokha. Mwana wolephera Chingerezi sapatsidwa satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza maphunziro ena. Madzulo, muuzeni mwana wanu akutchulireni mawu inu muzilemba, kenaka musinthane. Palibe chamanyazi pamenepo; nonse mukupindula.

Sitikunena kuti mlandu wonse uli ndi mlimi. Makampani ogula mbewu, ogulitsa mankhwala ndi obwereketsa ndalama ayenera kulemba mapepala awo m'ziyankhulo zomwe alimi amamva, ndipo tipitiriza kulimbikira zimenezi. Koma pamene tikumenyera ufulu umenewu, tisalole kusayina kapena kudinda chala pa zomwe sitingathe kuwerenga.

Tikupempha apampando a makalabu onse kuti pamsonkhano uliwonse azipatula mphindi 15 zophunzitsana masipelo. Mawu asanu pasabata ndi mawu 260 pachaka. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Yambani pamsonkhano ukubwerawu, ndipo liwu loyamba likhale "receipt".