Musawaseke ophunzira za udzudzu

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule pa zimene ndinamva pa maliro ena kuno kwathu. Abambo ena ankaseka mtsikana amene ndinamuphunzitsa ine mu sitandade 8. Ati zaka zonsezi ku yunivesite, mwana n'kukathera pa kuweta udzudzu m'mabotolo, chikhala anangokhala namwino. Ndinangokhala chete poti panali pa siwa, koma mtima unandipweteka.

Amene mumagona m'masikito mwaonapo udzudzu utatera pa neti yonyikidwa m'mankhwala koma osafa. Si ufiti. Mankhwala amapha udzudzu wambiri, koma wochepa umene thupi lake limatha kusungunula poizoniyo umatsala, n'kupatsira ana ake mphamvu yomweyo. Udzudzu umaswana msanga, choncho pakapita zaka zochepa wolimbawo ndiwo umadzaza mudzi. Zimenezi zinapezeka ku Chikwawa pa udzudzu wa mtundu wa Anopheles funestus, ndipo anazipeza ndi anthu oweta udzudzu m'mabotolo omwewo. Popanda iwo, bwenzi tikugawabe maneti ofooka ana athu akufa ndi malungo, ife osadziwa chifukwa chake.

Abusa ndi ansembe musachite mantha mukamva kuti mwana wa mu mpingo akuphunzira za kusintha kwa zamoyo. Mlimi aliyense amene amasunga mbewu ya chimanga chimene chapirira chilala amaidziwa kale nkhaniyi.

Ine ndinapuma ntchito ndisakudziwa kuti nako kachilombo kamadwala, ndiponso kali ndi chitetezo cha m'thupi. Ndinamva kwa wophunzira wanga yemweyo. Mu 1996 Jules Hoffmann ndi anzake ku Strasbourg, m'dziko la France, ankafufuza tintchentche tija timaunjirira pa nthochi yowola. Anapeza kuti tikasowa kanthu kena ka chibadwa kotchedwa Toll, chuku chimatimera thupi lonse mpaka kufa. Ena atafufuza anapeza kuti nafenso anthu tili ndi zofanana nazo. Mu 2011 bamboyo analandira mphotho ya Nobel. Kodi akanakhala wa m'mudzi mwathu, sitikanamutcha wopenga?

Ntchito imeneyi ndi yowawa. Maphunziro ake ndi a zaka zambiri, ndalama zake kawirikawiri zimachokera kunja, ndipo mwana akhoza kufika zaka 30 asanamangire amayi ake nyumba ya malata. Kudandaula kwa makolo ndikukumvetsa. Kuseka kokhako ndiye ayi.

Pempho langa kwa aphunzitsi anzanga amene mudakali pa ntchito: ana oterewa akabwera ku tchuthi, aitaneni adzayankhule m'kalasi, mtsuko wa mphutsi za udzudzu uli pa tebulo.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Ntcheu.